Kodi Abraham Lincoln ankadanadi ndi ukapolo, kapena nkhondo ndiyo inamukakamiza?

"Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera ku Dedza. Teremu ino ndinatchula Abraham Lincoln monga mtsogoleri amene anamasula akapolo ku America. Mawa lake mnyamata wina wa Folomu 3 anabwera ndi pepala limene anakoperapo zimene anawerenga pa Facebook. Akuti Lincoln anali watsankho, ankafuna kuti anthu akuda achoke m'dzikomo, ndipo chikalata chake chotchuka chija sichinamasule kapolo ngakhale mmodzi. Anzake anaseka, wina n'kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinasowa pogwira. Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa bodza? Anawa ndiwayankhe chiyani?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, simunaphunzitse bodza. Lincoln ndiye anasaina chikalata chomasula akapolo, ndiyenso analimbikira kuti ukapolo uletsedwe m'malamulo oyendetsera dziko la America. Koma mnyamatayo musamukalipire, wachita zimene timafuna kuti wophunzira mbiri azichita. Pa mfundo zake zitatu, ziwiri zoyambazo zili ndi umboni, yachitatu ndiyo yopotoka. Chimasokoneza anthu pa nkhani ya Lincoln n'chakuti amatola mawu ake a chaka chimodzi n'kuwayesa maganizo ake a moyo wonse. Zimene ankanena za anthu akuda mu 1858 si zimene ankanena mu 1865. Choncho mawu alionse amene ana angabwere nawo, muziyamba ndi kufunsa kuti anawanena liti, ndipo ankauza ndani.

Chimene sichinasinthe mwa iye ndi chidani chake pa ukapolo. Anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 m'kanyumba kamitengo ku Kentucky, chigawo chimene chinkalola ukapolo. Banja lake linali losauka. Mu 1816 linasamukira ku Indiana, kumene mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 9, ndipo mu 1830 linapitirira ku Illinois. Masiku onse amene anakhala m'kalasi mukawaphatikiza angangokwana chaka chimodzi, ndipo zamalamulo anadziphunzitsa yekha powerenga mabuku. Ali mnyamata, mu 1828 ndi mu 1831, anatsika ndi bwato la katundu pa mtsinje wa Mississippi mpaka ku New Orleans, mzinda umene unali ndi misika ikuluikulu yogulitsira anthu. Mu Malichi 1837, ali phungu wachinyamata m'nyumba ya malamulo ya Illinois, iye ndi mnzake mmodzi yekha, Dan Stone, analembetsa chitsutso chakuti ukapolo unakhazikika pa kupanda chilungamo. M'kalata imene analembera bwenzi lake Joshua Speed mu 1855 anakumbukira akapolo khumi kapena khumi ndi awiri amene anawaona m'sitima ya pamtsinje mu 1841 atamangidwa pamodzi ndi maunyolo, n'kunena kuti zimenezo zinkamuzunza mumtima. Kalatayi sinali yokopera mavoti. Inali ya kwa mnzake wochokera m'banja losunga akapolo, n'chifukwa chake ndimaiona kuti ndi umboni wolemera. Komabe musawabisire ana kuti mu 1847, monga loya, anaimira Robert Matson, mwini akapolo amene ankafuna kubwezera ku ukapolo mayi wina ndi ana ake. Mlanduwo Matson anagonja, mayiyo anamasuka, koma kuti Lincoln anavomera kuima mbali imeneyo ndi banga.

Ana adzafunsa kuti ngati ankadana nawo, bwanji atangolowa m'boma sanangolamula kuti uthe? Apa mpofunika kuwafotokozera mmene dzikolo limayendera, chifukwa ambiri amaganiza kuti pulezidenti akangotsokomola zonse zimachitika. America ndi mgwirizano wa zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Nthawi imeneyo pafupifupi andale onse, Lincoln yemwe, ankavomereza kuti boma lalikulu la ku Washington lilibe mphamvu yothetsa ukapolo m'chigawo chimene unalipo kale. Pamene boma lalikulu likanatha kugwira panali pa madera atsopano a kumadzulo amene anali asanasanduke zigawo. Mkangano wonse wa zaka za m'ma 1850 unali pamenepo, ndipo sunali waung'ono: chigawo chilichonse chimatumiza aphungu awiri ku nyumba ya Senate, ndiye dera latsopano likalowa ndi ukapolo, eni akapolo ankapeza mavoti ena awiri otetezera malonda awo. Maganizo a Lincoln anali oti ukapolo ukatsekeredwa pamene uli, osaulola kufalikira, udzafota wokha pang'onopang'ono.

Mu 1854 lamulo la Kansas-Nebraska, limene anabweretsa Stephen Douglas, phungu wa ku Senate wochokera ku Illinois, linagumula mpanda umene unaikidwa mu 1820 woletsa ukapolo m'madera atsopano a chakumpoto, n'kulola kuti okhala m'madera atsopanowo azisankha okha ngati akufuna ukapolo. Lincoln, amene anali atabwerera ku ntchito ya uloya atakhalako phungu ku Washington kuyambira 1847 mpaka 1849, anadzambatuka. Ku Peoria pa 16 Okutobala 1854 anautchula ukapolo kuti ndi kupanda chilungamo koopsa. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, kapolo amene anasuma pofuna ufulu wake, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya America, zimene zinathira mafuta pamoto.

Tsopano mawu amene mnyamata wanu anabwera nawo. Mu 1858 Lincoln anapikisana ndi Douglas pa mpando wa ku Senate, ndipo anachita mitsutso isanu ndi iwiri pamaso pa anthu. Pa mtsutso wa ku Charleston, ku Illinois, pa 18 Sepitembala, Lincoln ananena poyera kuti sakufuna kuti azungu ndi akuda akhale ofanana pa ndale ndi pa chikhalidwe, sakufuna akuda azivota, aziweruza nawo milandu, kapena azikwatirana ndi azungu. Anaterodi, palibe chozemba. Ena amamuikira kumbuyo kuti Douglas ankamupanikiza pamaso pa anthu atsankho, ndipo n'zoona, koma kupanikizidwa sikusandutsa mawu oipa kukhala abwino. Chofunika n'kuwaonetsa ana kuti m'mitsutso yomweyo ananenanso kuti pa ufulu wodya chakudya chimene wakhetsera thukuta, popanda kupempha chilolezo kwa wina, munthu wakuda ndi wofanana ndi iye, ndi Douglas, ndi munthu wina aliyense. Zonse ziwirizi zinali mwa munthu mmodzi. Kukana kuti munthu akhale katundu wa mnzake ndi kuvomereza kuti anthu onse ndi ofanana pa zonse zinali zinthu ziwiri zosiyana m'mitu ya azungu ambiri a kumpoto, ndipo Lincoln wa 1858 anali atafika pa choyambacho basi.

Mpando wa ku Senate anaulephera, koma pa 6 Novembala 1860 anapambana upulezidenti ndi mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse. Kalembera wa chaka chimenecho anapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Eni akapolo a kummwera sanakayike kuti munthuyu ndi mdani wa malonda awo: South Carolina inatuluka m'mgwirizano pa 20 Disembala, ndipo pofika pa 4 Malichi 1861, tsiku limene analumbira, zigawo zisanu ndi ziwiri zinali zitachoka. Nkhondo yapachiweniweni inayamba pa 12 Epulo 1861 ku Fort Sumter, zigawo zogalukira n'kufika 11.

Zigawo zinayi zosunga akapolo, Delaware, Maryland, Kentucky ndi Missouri, sizinagalukire, ndipo zimenezi ndizo zinamumanga manja Lincoln m'chaka choyamba. Maryland inazinga mzinda wa Washington mbali zitatu, Kentucky inali m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Zikanapita kwa adani, nkhondo ikanavuta kwambiri kuipambana. N'chifukwa chake mkulu wa asilikali John Frémont atalengeza mu Ogasiti 1861 kuti akapolo a ogalukira ku Missouri ndi mfulu, Lincoln anafafaniza lamulolo, ndipo anachitanso chimodzimodzi ndi la mkulu wina wa asilikali, David Hunter, mu Meyi 1862. Omenyera ufulu wa akapolo anakwiya naye kwambiri.

Pali anthu amene mabuku ambiri amawadumpha, ndipo ndikupemphani kuti inu musawadumphe: akapolo eni akewo. Mu Meyi 1861 amuna atatu anathawira ku linga la asilikali a boma la Fort Monroe ku Virginia. Mkulu wa pamalopo, Benjamin Butler, anakana kuwabweza, nati ndi katundu wa adani wolandidwa pa nkhondo. Mbiri itamveka, anthu anayamba kubwera mazanamazana, kenako masauzande, ena ndi ana kumsana. Boma linakakamizika kuyankha funso limene linkalizemba: anthu awa ndi ndani pamaso pa lamulo? Kuthawa kwawoko kunasuntha nyumba ya malamulo ndi Lincoln yemwe.

Chaka cha 1862 ndicho chovuta kuchiphunzitsa chifukwa chili ndi zoyera ndi zakuda zomwe. Pa 21 Febuluwale Nathaniel Gordon, woyendetsa sitima imene inagwidwa itanyamula anthu 897 ochokera ku mtsinje wa Congo, ambiri a iwo ana, ananyongedwa ku New York. Anthu anachonderera kuti amukhululukire, Lincoln anakana, ngakhale ankadziwika ndi chifundo pa milandu ya imfa. Gordon ndiye yekha amene America inamupha chifukwa cha malonda a akapolo. Pa 16 Epulo Lincoln anasaina lamulo lomasula akapolo pafupifupi 3,100 a mumzinda wa Washington, koma chipukuta misozi, mpaka madola 300 pa munthu, chinapita kwa eni akapolo, osati kwa amene anagwira ntchito yaulere. Ndiye pa 14 Ogasiti anaitana atsogoleri asanu a anthu akuda ku White House, nyumba ya pulezidenti, n'kuwauza kuti kuli bwino mitundu iwiriyi ipatukane, akuda akakhale kwina. Apa mnyamata wanu akunena zoona. Lincoln kwa zaka zambiri ankakhulupirira zotumiza omasulidwa ku Liberia kapena ku maiko a ku Central America ndi Caribbean, ngakhale ankati azipita okhawo ofuna. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo mu 1838, anamudzudzula koopsa. Mu 1863 anthu pafupifupi 450 anatumizidwa ku chilumba cha Île-à-Vache ku Haiti. Matenda ndi njala zinapha ambiri, ndipo mu 1864 boma linatumiza sitima kukatenga otsala. Kuyambira pa 1 Januwale 1863 Lincoln sanalimbikitsenso maganizo amenewa poyera.

Mawu ena amene amazungulira kwambiri pa intaneti ndi a m'kalata yake kwa mkonzi wa nyuzipepala Horace Greeley pa 22 Ogasiti 1862, pamene anati cholinga chake n'kupulumutsa mgwirizano, kaya pomasula akapolo onse, kaya ena, kaya osamasula aliyense. Amene amagawa mawuwa satchula zinthu ziwiri. Kalatayo imathera ndi kunena kuti khumbo lake iye mwini n'loti anthu onse kulikonse akhale mfulu. Komanso pamene ankailemba, chikalata chomasula akapolo chinali chitalembedwa kale: anachiwerengera nduna zake pa 22 Julayi, ndipo nduna William Seward inamulangiza kuti adikire asilikali apambane kaye, kuopa kuti chingaoneke ngati kulira kwa munthu wogonja. Nkhondo ya ku Antietam itachitika pa 17 Sepitembala, anatulutsa chenjezo pa 22 Sepitembala, kupatsa ogalukira masiku 100, ndipo pa 1 Januwale 1863 anasaina chikalata chotchedwa Emancipation Proclamation.

Mfundo yakuti sichinamasule aliyense imachokera pa chinthu choona chimene achikokera mopitirira. Lincoln anachitulutsa pogwiritsa ntchito mphamvu zake monga mkulu wa asilikali pa nthawi ya nkhondo, choncho chinkagwira ntchito m'madera ogalukira okha. Zigawo zinayi zija sizinakhudzidwe, Tennessee ndi mbali zina za Louisiana ndi Virginia zinasiyidwanso. Koma akapolo oposa 3 miliyoni anali m'madera amene chinkakhudza. Tsiku lomwelo masauzande a anthu m'malo amene asilikali a boma anali atalanda kale, monga zilumba za m'mphepete mwa South Carolina, anakhala mfulu mwalamulo. Kuchokera pamenepo, paliponse pamene asilikali a kumpoto afika, ufulu unkafika nawo. Ku Galveston, ku Texas, uthengawo unalengezedwa pa 19 Juni 1865, tsiku limene kuyambira 2021 ndi holide ya dziko lonse. Chikalatacho chinatsegulanso khomo loti amuna akuda alowe usilikali, ndipo pafupifupi 180,000 anamenya nkhondo pamtunda. Nawonso tsankho silinawasiye: ankalandira madola 10 pa mwezi, atatu n'kudulidwa a yunifolomu, azungu akulandira 13, mpaka nyumba ya malamulo inakonza zimenezi mu Juni 1864.

Kwa ine, pamene munthuyu anayesedwa zenizeni ndi mu Ogasiti 1864. Nkhondo inali itatopetsa anthu, maliro ali ponseponse, ndipo iye mwini analemba kuti akuona kuti chisankho cha Novembala sapambana. Ena a m'chipani chake ankamunong'oneza kuti asiye nkhani ya akapolo kuti mtendere upezeke. Sanabwerere m'mbuyo. Anaitana Frederick Douglass uja n'kumupempha kuti akonze njira yofalitsira uthenga kummwera kuti akapolo ambiri athawire kwa asilikali a boma nthawi ikadalipo, poopa kuti womulowa m'malo adzasiya otsalawo mu ukapolo. Mzinda wa Atlanta utagwa kumayambiriro kwa Sepitembala zinthu zinatembenuka, ndipo anapambana. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu Epulo, anali atalembera Albert Hodges, mkonzi wa nyuzipepala wa ku Kentucky, kuti ngati ukapolo si woipa ndiye palibe choipa.

Ankadziwanso, monga loya, kuti chikalata cha nthawi ya nkhondo khoti likhoza kuchigwetsa mtendere ukabwera. N'chifukwa chake analimbikira kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo oyendetsera dziko. Senate inavomereza pa 8 Epulo 1864, koma nyumba ina ya malamulo, ya House of Representatives, inakana mu Juni chifukwa mavoti sanakwane magawo awiri mwa atatu. Atapambana chisankho, Lincoln ndi nduna zake ananyengerera aphungu mmodzimmodzi, ndipo pa 31 Januwale 1865 kusinthako kunadutsa ndi mavoti 119 kwa 56. Kunakhazikika pa 6 Disembala 1865 zigawo 27 mwa 36 zitavomereza. Akapolo otsala a ku Kentucky, kwawo kwa Lincoln, anamasuka ndi lamulo limeneli, mwini wake atagona kale m'manda.

Pa 11 Epulo 1865, patangopita masiku awiri Robert E. Lee, mkulu wa asilikali ogalukira, atagonja ku Appomattox, Lincoln analankhula ali pa windo la White House nati akufuna kuti amuna akuda ena, ophunzira ndi amene anamenya nkhondo, apatsidwe ufulu wovota. Si onse, koma yerekezani ndi mawu a ku Charleston aja, zaka zosakwana zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. M'khamu lomvetsera munali John Wilkes Booth, wochita zisudzo wokonda mbali ya kummwera. Pa 14 Epulo anamuwombera m'nyumba ya zisudzo ya Ford, ndipo Lincoln anamwalira mmawa wa pa 15, ali ndi zaka 56.

Zimene anasiya zinayenda motsimphina. Womulowa m'malo, Andrew Johnson, anabwezera kwa eni akapolo akale minda imene omasulidwa ena anali atapatsidwa. Kusintha kwa nambala 13 kunasiya mpata wakuti munthu wopezeka ndi mlandu akhoza kugwiritsidwa ntchito yokakamiza, ndipo zigawo za kummwera zinalowera pomwepo, kumanga akuda pa milandu ya zii monga kuyendayenda opanda ntchito, n'kumawabwereketsa ku minda ndi ku migodi. Unzika unabwera mu 1868, voti ya amuna akuda mu 1870, koma pambuyo pa 1877 zonsezi zinaphwanyidwa kwa zaka pafupifupi 90. Potsegulira chikumbutso cha Lincoln ku Washington mu 1922, akuda anawakhazika paokha. Pa masitepe a nyumba yomweyo ndi pamene Martin Luther King Jr. anaimirira pa 28 Ogasiti 1963 kukumbutsa dziko kuti lonjezo la zaka 100 zapitazo linali lisanakwaniritsidwe. Chiweruzo chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha Frederick Douglass mu 1876, munthu amene anamudziwa maso ndi maso. Anati Lincoln anali pulezidenti wa azungu choyamba, ndipo kwa omenyera ufulu ankaoneka wochedwa ndi wozizira, koma pomuyeza ndi maganizo a anthu amene ankawatsogolera anali wachangu ndi wotsimikiza mtima.

M'kalasi, musawavotetse ana kuti "ngwazi kapena wachinyengo", chifukwa akatero aliyense amangosaka mawu omuikira kumbuyo. Lembani pa timapepala tisanu zaka izi: 1837, 1858, Ogasiti 1862, Januwale 1863 ndi Epulo 1865, ndi chidule cha zimene ananena kapena kuchita. Gawani kalasi m'magulu asanu, gulu lililonse liyankhe kuti ankalankhula ndi ndani, anali ndi mphamvu zotani nthawi imeneyo, ndipo ndani ankamukankha. Mphindi 15 zikwana kukambirana, zotsalazo gulu lililonse lifotokoze motsatira zaka, inu mukulemba pa bolodi. Kusintha kwa munthuyo adzakuona okha. Mnyamata uja mumupatse kutsogolera gulu la 1858.

Chenjerani ndi chisokonezo chimodzi chimene chimabwera kawirikawiri: ana amaganiza kuti Lincoln anathetsa ukapolo pa dziko lonse, kwathu kuno komwe. Ayi. Haiti inali itadzimasula pofika 1804, Britain inakhazikitsa lamulo lake mu 1833, Brazil inachedwa mpaka 1888. Anthu ogwidwa kuno ankamangidwa magoli, kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota kwa Jumbe, n'kutengedwa ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar, njira yosiyana ndi ya ku America. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo Mlozi ananyongedwa ku Karonga mu Disembala 1895, patatha zaka 30 Lincoln atamwalira.

Ana akabwera ndi mawu ena amene simukuwadziwa, musayankhe pomwepo, chifukwa Lincoln ndi mmodzi mwa anthu amene amanamiziridwa mawu kwambiri pa intaneti. Auzeni abweretse tsiku ndi malo amene mawuwo ananenedwa. Makalata ake ambiri aikidwa pa intaneti ndi Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ndipo mukhoza kufufuza pogwiritsa ntchito tsikulo. Pa zimene mayeso a MANEB amafuna, kambiranani ndi mkulu wa phunziro lanu pasukulupo kuti ana asasokoneze zokambirana za m'kalasi ndi mayankho a pa mayeso. Ndipo ngati mtsutsowu wawadzutsira chidwi cha malonda a akapolo a kwathu kuno, lemberani a dipatimenti ya mbiri ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, kapena a nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, akuthandizeni ndi zowerenga zoyenera msinkhu wa Folomu 3.